Zimene Bongo wa Womwalira Uphunzitsa Amoyo

Mwana akamwalira m'cipatala atakomoka ndi malungo, nthawi zina adokotala apempha makolo kuti alole mtembo upimidwe. M'makomboni pempho limeneli silimveka bwino. Ena aganiza kuti acipatala afuna kuba ziwalo, ena angoopa kuti maliro acedwa. Koma zambiri zimene zidziwika lero za malungo a m'bongo zinacokera ku mabanja amene analola.

M'bongo muli maselo a mitsempha amene anyamula mauthenga, komanso muli maselo ena owasamalira ochedwa glia. Magulu awiriwa ali pafupifupi ofanana kuculuka kwake. Dzina la glia litanthauza gluu. Analipereka ndi Rudolf Virchow wa ku Germany mu 1856, pakuti iye anayesa kuti nchito yao ndi kumata bongo cabe. Lero cidziwika kuti nchito yao ndi yaikulu. A mtundu wa astrocyte aoneka ngati nyenyezi, adyetsa maselo a mitsempha ndi kulonda timitsempha ta magazi. A microglia ndiwo asilikali, athamangira pamene pavulala ndi kucotsa zoola. A oligodendrocyte akuta mitsempha monga mmene pulasitiki ikutira waya wa magetsi.

Kuti maselo amenewa aoneke pa maikulosikopu pafunika nchito yaitali. Bongo ndi wofewa ndipo sucedwa kuonongeka, cotero uyamba waikidwa m'mankhwala a formalin kwa masabata awiri kapena kuposerapo kuti ulimbe. Ukalimba adulako tizidutswa, natiika mu spiriti kuti madzi acoke, kenaka atikwirira m'phula longa la kandulo. Makina ochedwa microtome asenga phulalo m'timapepala topyapyala kakhumi kuposa tsitsi limodzi, ndipo kalikonse kamatidwa pa galasi.

Popanda utoto, pagalasipo sipaoneka zambiri. Mu 1913 Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anapeza utoto wa golide woonetsa ma astrocyte, ndipo mu 1919 Pío del Río Hortega anaonetsa ma microglia ndi utoto wa siliva. Masiku ano pali mankhwala amene agwira puloteni imodzi yokha ya m'ma astrocyte, yochedwa GFAP, cotero maselowo aonekera bwino ndi nthambi zao zonse.

Nanga pa malungo cioneka n'ciani? Maselo ofiira a magazi okhala ndi tizilombo amamatira m'timitsempha ta m'bongo ndi kutseka njira. Pena kamtsempha kaphulika ndipo magazi akazungulira ngati mphete. Ngati wodwala anakhalako masiku angapo, ma glia aoneka ataunjikana pa balapo. Hermann Dürck ndiye anafotokoza timiulu timeneti mu 1917.

Ku Malawi, pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Dr. Terrie Taylor linayamba kupima mitembo ya ana otere mu 1996, makolo atalola. Mu 2004 linalengeza kuti mwa ana 31 amene anaganiziridwa kuti anafa ndi malungo a m'bongo, 7 anafa ndi matenda ena, ngakhale kuti m'magazi mwao munali tizilombo ta malungo. Linapezanso kuti kuunika mkati mwa diso kuthandiza kusiyanitsa magulu awiriwa mwana akali moyo. Phunziro lake n'lakuti mwana wokomoka afunika kufufuzidwa matenda ena, ngakhale magazi aonetse malungo.

Banja likapemphedwa za kupima mtembo, liri ndi ufulu wofunsa cimene cidzacotsedwa, cifukwa cake, ndi tsiku limene mtembo udzaperekedwa. Ngati si nkhani ya apolisi, kulola kapena kukana kuli kwa banja. Akatha kupima asoka bwino, ndipo maliro acitika monga mwa mwambo.

Koposa zonse, mwana asafike pamenepo. Mwana amene watentha thupi ndipo ayamba kugwedezeka, kugona kosadzuka, kapena kukana bere, agonekedwe cam'mbali, asaikidwe supuni m'kamwa, ndipo apite naye ku kiliniki nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Jekeseni ya artesunate ipulumutsa ana ambiri ngati yaperekedwa msanga.