Kachipangizo ka m'Khwapa ndi Mliri wa ku Oxford

Nkhani iyi ichokera ku Mangalande, mumzinda wa Oxford, kumene m'chipatala cha John Radcliffe, m'chipinda cha odwala mwakayakaya amene amavutika ndi nthenda za ubongo ndi mitsempha, munalowa mlendo wosaitanidwa m'chaka cha 2015. Dzina lake ndi Candida auris, fangasi amene anazindikiridwa koyamba ku Japan mu 2009 m'khutu la wodwala wina, amene sagonja msanga ku mankhwala, ndipo akalowa m'magazi a munthu wofooka angathe kumtengera kuli chete. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Pofika mu August 2017 anthu 70 anali atapezeka naye, ndipo mwa iwo 7 anali atawalowa m'kati mwa thupi nawadwalitsa.

Anamwino anasamba m'manja monga mwa lamulo, odwala anapatulidwa, zipinda zinakolopedwa, koma mliri unakana kuchoka. Kufikira pamene Dr David Eyre ndi anzake, atasanthula mbiri ya wodwala aliyense ndi kupima ziwiya za m'chipindamo, anatembenuzira maso awo ku kanthu kamene panalibe wokaganizira choipa, ndiko kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kachingwe kokhala ndi mutu waung'ono, kamene amakapanitsa m'khwapa mwa wodwala usana ndi usiku.

Taganizirani za m'khwapa mwa munthu wogona chigonere: ndi mofunda, ndi monyowa ndi thukuta, ndipo kachingweko kakachoka pamenepo kamapukutidwa ndi kansalu ka mankhwala nikapatsidwa kwa wina wa pa bedi loyandikana. Kupukutako kunachitika ndithu, ndipo sitiyenera kuwaloza chala anamwino aja, amene anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Koma kansalu kamayeretsa pokhapo pamene kafika, ndipo chiwiya chimene chili ndi mphako kapena msoko wosamatika bwino, ngakhale chiwale chotani kunja, chimasunga m'kati zimene diso silingaone. N'chifukwa chake ambiri amayamika choyezera chogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, kapena chovekedwa kathumba katsopano pa wodwala aliyense.

Akatswiriwo atayerekeza chibadwa cha fangasi wa pa zingwezo ndi cha wa pa matupi a odwala, anapeza kuti ndi a mtundu umodzi. Zingwezo zinachotsedwa m'chipindamo mu 2017, mliri unazilala, ndipo zonsezi anazilemba mu New England Journal of Medicine m'chaka cha 2018.