Boti la Amalume Ladzuka

Mukanaliona boti la amalume mwezi wa Juni, mukanati ndi khola la nkhuku. Linalidi khola: thadzi lina linaikira mazira 7 pansi pa mpando, kuseri kwa nyumba yawo ku Chimwemwe, mumzinda wa Kitwe. Miyezi 8 lili pamtunda, injini yake ya mahosipawa 40 itafundidwa thumba. Ukapotoza kiyi inkangoti "ke!" kenako zii.

Amalume anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi wa Nkana, ndipo mapewa awo anathera komweko. Kukoka chingwe cholizira injini sakanathanso. Alangizi sanasowe: wina ati gulani batire, wina ati sitata yapsa, kaifuneni ku Ndola. Iwo ankangoyang'ana mbedza zawo pakhoma.

Loweruka lina ndinabwera ndi mmisiri wa magetsi a galimoto amene amagwirira ntchito pafupi ndi msika wa Chisokone. Chimene chinandikondweretsa n'chakuti sanathamangire kumasula sitata. Anayamba waona ngati giya ili pa nyutulo, pakuti injini zambiri za maboti zimakana kulira giya italowa. Kenako anaika mita pa batire imene tinaitchajitsa dzulo lake: mavoliti 12.6, yodzaza bwino. Anandiuza ndipotoze kiyi iye akuyeza pa sitata penipeni. Pamenepo panafika mavoliti 5 okha.

"Bambo, moto ulipo, koma ukuthera panjira," anatero. "Kaphokoso mukukamvako ndi solenoidi, ikugwira ntchito yake."

Anasenda chikopa cha waya wamkulu wofiira pafupi ndi kumapeto. Mkati, mkuwa unali utasanduka wobiriwira, tinsambo take tikuyoyoka ngati ufa. Chinyezi chinalowa pang'onopang'ono n'kudya wayawo mobisa, kunja ukuoneka wabwinobwino. Amalume anautenga m'manja, nauyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene anakumba mkuwa moyo wake wonse anauzindikira ngati m'bale wake wodwala.

Tinachotsa kaye waya wa negativu, kuopa moto pafupi ndi petulo. Tinadula mbali yowola kufikira pamene mkuwa unawala, n'kumangirira mutu watsopano. Mitu ya batire tinaitsuka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, yemweyu amene azakhali amathira mu therere. Inachita thovu, ife n'kuikwecha ndi sandipepa, n'kupaka girisi pamwamba titamanga.

Ndinapotozanso kiyi. "Fwiii!" Sitata inazungulira, koma injini osagwedezeka. Ine mtima unagwa, mmisiri akumwetulira. Pamwamba pa sitata pali kagiya kakang'ono kamene kamayenera kudumpha n'kuluma mano a gudumu lalikulu la injini. Dzimbiri linali litakamanga pamsomali wake wopota. Anachotsa sitatayo, natsuka kagiyako, nadontheza mafuta opepuka, osati girisi, chifukwa girisi amagwira fumbi n'kukamatanso. Popeza sitata inali kale pamphasa, anaitsegula. Mabulashi awiri mwa anayi anali atatha, otsala ngati njere za chimanga. Anaika atsopano, napukuta timizere ta mkuwa pamene amakhudza mpaka tinanyezimira.

Mwendo wa injini tinauviika mu diramu la madzi, pakuti ukailiza pouma kapampu kake ka labala kamapsa m'kanthawi kochepa.

"Amalume, potozani ndinu," ndinatero.

Anapukuta dzanja pa thalauza, nagwira kiyi. Injini inabangula ulendo woyamba womwewo! Utsi wabuluu unadzaza bwalo, madzi akuthovoka m'diramu, nkhuku zili balala. Azakhali anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja akuimba nthungululu, ana a kwa aneba atakwera pampanda. Amalume anazimitsa, nalizanso. Anazimitsanso, nalizanso. Kasanu konse, akuseka mpaka misozi, ndipo palibe anawaletsa.

M'mawa mwake tinalikokera ku damu la Mindolo. Boti lija la nthenga ndi zitosi linali litatsukidwa, mipando ikuwala, mbedza zitatsika pakhoma. Tinalikankhira m'madzi nkhungu ya Julayi isanachoke. Amalume anakhala kumbuyo, chipewa chawo chakale cha kumgodi chili pamutu, napotoza kiyi ndi zala ziwiri zokha. Mphuno ya boti inadzuka, madzi anang'ambika pawiri, mphepo yozizira ikutimenya kumaso.

"Gwiritsa, iwe mnyamata!" anafuula, nawonjezera moto.