PAIPI YA GASI IYESEDWE CHITOFU CHISANALOWE M'NYUMBA

Chiyambire 2020, pamene Boma linakhwimitsa lamulo la nkhalango pofuna kuletsa kuotcha makala mwachisawawa, antchito a Boma ndi aphunzitsi ambiri a m'matauni atembenukira ku gasi. Munthu asunga ndalama miyezi ingapo, nagula chitofu cha mafuwa anayi ndi uvuni wake, naika silinda kunja kwa khitchini monga kuyenera. Koma paipi yochokera ku silindayo kufika ku chitofu sailingalira konse; angotola ili yonse imene ikwana pakamwa pa chitofucho. Pamenepo ndi pamene pagona vuto.

Gasi poyenda m'paipi akhulana ndi m'mbali mwake, kotero mphamvu imene imkankha ichepa pang'onopang'ono. Paipi ikakhala yaitali, kapena yaing'ono m'mimba, kapena yokhotakhota, gasi afika ku chitofu atafooka. Malawi atsika, madzi a nsima achedwa kuwira, ndipo mayi wa pakhomo aimba mlandu wogulitsa chitofu, amene sanalakwe kanthu. Choopsa chili apa: uvuni ukayatsidwa pamene fuwa lina lili pa moto wochepa, lawi laling'onolo likhoza kuzima, ndipo pa chitofu chopanda kachipangizo kodzitsekera gasi apitirira kutuluka m'khitchini.

Kuwerengera kwake kuoneka bwino ku Britain, kumene gasi afika m'nyumba kudzera m'mapaipi a pansi pa msewu. Kumeneko gasi atuluka pa mita ndi mphamvu ya mamilibala 21, ndipo malamulo a amisiri alola kuti milibala imodzi yokha itayike pakati pa mita ndi chitofu. Milibala imodzi ndi kanthu kochepa ndithu: ikweza madzi m'kachubu koyesera sentimita imodzi basi.

Chitofu cha banja cha makilowati 11 chidya gasi wokwana pafupifupi kiyubiki mita imodzi pa ola mafuwa onse ndi uvuni zikayaka pamodzi. Monga mwa mndandanda umene amisiri a kumeneko anagwiritsa ntchito zaka zambiri, paipi ya mkuwa ya mamilimita 15 ipereka makiyubiki mita 2.9 pa ola ikakhala ya mamita 3, koma 1.1 pa mamita 15, ndi 0.95 pa mamita 20. Tsono pali msampha umene ukola ngakhale ophunzira. Utali suyesedwa ndi tepi yokha, pakuti chigongono chili chonse pamene paipi ikhota chiwerengedwa ngati theka la mita. Paipi ya mamita 17 yokhala ndi zigongono zisanu ndi chimodzi iwerengedwa ya mamita 20, ndipo yalephera kale kudyetsa chitofu chija. Ya mamilimita 22 pa mtunda womwewo ipereka 2.9. Nchifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito ayala yaikuluyo njira yonse, nachepetsa pafupi ndi chitofu pokha. Ngati paipi yomweyo idyetsanso chotenthetsera madzi, njala ya zonse ziwiri iphatikizidwa asanasankhe kukula kwake.

Kusamala kotere Angerezi sanabadwe nako. Pa 16 May 1968 gasi anaphulika m'nyumba yosanja yotchedwa Ronan Point ku London, mbali ina ya nyumbayo inagumuka, ndipo anthu anayi anafa pomwepo. Wofufuza anapeza kuti nati yolumikizira chitofu inali yosalimba. Lero kumeneko mmisiri saloledwa kugwira ntchito ya gasi m'nyumba za anthu ngati dzina lake mulibe m'kaundula wa Gas Safe, amene anayamba mu 2009.

M'Malawi muno mulibe mapaipi a gasi a m'misewu, ndipo manambala a ku Britain sayenera kukoperedwa monga ali. Gasi wa m'silinda ali ndi moto woposa kawiri wa gasi wa m'mapaipi pa muyeso womwewo, kotero paipi yocheperapo imkwanira. Komanso ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndipo akadontha sauluka, angodikha pansi monga madzi. Koma mafunso a mmisiri sasintha: chitofu chidya zingati, mtunda ndi wotani, zigongono ndi zingati.

Yankho la funso loyamba lalembedwa pa kachitsulo kamene kamatidwa kumbuyo kwa chitofu, ndipo mphunzitsi amene aphunzitsa masamu m'kalasi akhoza kuliwerenga m'sitolo momwemo asanalipire. Pa kachitsulo komweko palembedwanso mtundu wa gasi umene chitofucho chinakonzedwera. Chitofu chochokera kunja chimene chinapangidwira gasi wa m'mapaipi chili ndi timabowo tokulirapo totulutsira gasi, ndipo tiyenera kusinthidwa chisanalumikizidwe ku silinda.