MAPANGA AWIRI AVUMBWITSA: ABWANAMKUBWA A KU AMEREKA

Dziko la Amereka lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake wochita kusankhidwa, nyumba yake ya malamulo ndi thumba lake la msonkho. Lamulo lachikhumi lowonjezedwa m'malamulo aakulu a dzikolo m'chaka cha 1791 limati mphamvu zimene sizinaperekedwe ku boma la ku Washington n'za zigawo kapena anthu eni ake. Andale osunga mwambo, amene ambiri ali m'chipani cha Republican, amalikonda lamuloli. Iwo amati sukulu, misewu ndi apolisi zimayenda bwino pamene woziyang'anira ali pafupi ndi anthu.

Chodabwitsa n'chakuti bwanamkubwa akangoonetsa luso, anthu omwewo ndi amene amayamba kumunong'oneza kuti akapikisane nawo pa mpando wa Pulezidenti. Taonani za a Scott Walker a ku Wisconsin. Analowa mpikisanowo mu Julaye 2015, nausiya mu Seputembala chaka chomwecho ndalama zitawathera. Pofika 2018 anthu akwawo anawachotsa, nasankha a Tony Evers. A Bobby Jindal a ku Louisiana nawo anatha miyezi akuyendera midzi ya ku Iowa, pamene kwawo thumba la boma linali pa mavuto. Anagonja mu Novembala 2015, ndipo mwezi womwewo ubwanamkubwa wa chigawocho unapita ku chipani cha Democratic.

A Mitch Daniels a ku Indiana anatsata njira ina. Mu 2011 anakana kupikisana nawo, ponena kuti banja lawo silinafune. Anamaliza nthawi yawo mu 2013, kenaka anatsogolera yunivesite ya Purdue, kumene fizi sinakwere pa zaka khumi za utsogoleri wawo.

Ena anganene kuti dziko lonse lifunika mtsogoleri woyesedwa kale. Nzoona. Koma a Ronald Reagan anasankhidwa kukhala Pulezidenti mu 1980, atamaliza kale zaka zisanu ndi zitatu ku California mu 1975.

Tsono, owerenga, munthu sanganene kuti mphamvu zikhale kumudzi kwinaku akutenga mfumu yabwino kupita nayo ku likulu ntchito ili pakati. Chipani chimene chikhulupiriradi zigawo chiyenera kuona ubwanamkubwa ngati ntchito yokwanira payokha, osati makwerero. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene amavumbwa koposa ndi anthu amene anamuvotera.