Kalata zanu zili m'nkhokwe ya yani?

Wamalonda aliyense amadziwa kuti ngongole yopanda umboni ndi mphatso. Masiku ano umboniwo uli mu imelo: mtengo umene munagwirizana, lisiti, tsiku lobweza. Nanga kalata zikachuluka ngati mchenga, imodzi ija muipeza bwanji?

Mu 2009 Carl Worth anayambitsa pulogalamu yotchedwa Notmuch. Siitumiza kalata, siikatenganso kalata; zimenezo ndi za mapulogalamu ena. Yake ndi imodzi: mothandizidwa ndi Xapian, imawerenga kalata zonse zimene mwasunga pa kompyuta yanu n'kulemba kaundula wa mawu alionse ndi pamene akupezeka. Mukalemba "simenti", kalata zonse za simenti zatulukira pompo, ngakhale bandulo itatha.

Chinanso ndi zizindikiro. Pepala limalowa m'fayilo imodzi basi. Kuno kalata imodzi mutha kuipatsa zizindikiro zitatu: "ngongole", "Limbe", "zamsanga".

Mwina muti Gmail yakhala ikuchita zomwezi kuyambira 2004. Zoonadi. Koma nkhokweyo ndi ya eni. Akakutsekerani akaunti, mukadandaula kwa yani? Notmuch ndi yaulere, ndipo chilolezo chake cha GPL chimalola aliyense kuona m'mene anaipangira, kuikonza ndi kugawira anzake.

Tisanamizane abale, si ya aulesi. Imafuna kompyuta ya Linux kapena yofanana nayo, komanso kuleza mtima. Inu ophunzira za kompyuta, apa ndiye poti muthandize amalonda n'kupezapo kangachepe. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.