Chifu cha mbuzi sichifuna zodzidzimutsa

Eid ya Qurbani ikamayandikira, m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja mumamveka dandaulo limodzimodzi. Munthu wagulitsa usipa, wagula mbuzi, waimangirira kuseri kwa nyumba. Pofuna kuti inenepe msanga waithirira madeya odzaza beseni, ana nawonso akuiponyera mkute ndi mpunga wotsala. Pasanathe masiku awiri mbuzi ija yagona, ikukukuta mano, ikutsegula m'mimba. Ena amafulumira kunena kuti achansanje aithirira tameki. Ayi abale, nthawi zambiri imakhala yapwetekedwa ndi chikondi cha mwini wake.

Mu Surat An-Nahl, aya 66, Allah akutiuza kuti titengepo phunziro pa ziweto ndi mkaka wochokera m'mimba mwake. Tsono tiyeni tisuzumiremo. Ife amene timazinga ndi kutumbula timadziwa kuti chimene timangochitcha chifu chili ndi zipinda zinayi. Choyamba ndi chachikulu chija, m'kati mwake ngati thaulo, ndipo chimakhala mbali ya kumanzere. Chachiwiri chili ndi timabowo ngati zisa za njuchi. Chachitatu chili ndi masamba ambirimbiri ngati kitabu, chija amayi amadandaula nacho potsuka, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kufinya madzi. Chachinayi, chosalala, ndicho chokha chimene chimagaya chakudya monga mimba yathu.

Nkhani yonse yagona m'chipinda choyambacho. Mbuzi payokha siingathe kugaya udzu, monganso ife sitingathe. M'chifu mwake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, mabiliyoni osawerengeka, ndipo si ta matenda ayi. Timeneti ndi timene timafufumitsa udzu, monga thobwa limachitira mumtsuko. Zotuluka pamenepo zimadutsa khoma la chifu n'kulowa m'magazi, ndipo ndiye gwero lalikulu la mphamvu, mafuta ndi mkaka. Kenako tizilomboto timakokoloka n'kupita kuchipinda chachinayi, kumene mbuzi imatigaya ifenso tisadabwe, n'kupezamo zomanga thupi. Tinganene kuti udzu ndi nsima yake, tizilombo ndiye ndiwo. Choncho podyetsa mbuzi, kwenikweni tikudyetsa alendo a m'chifuwo.

Mbuzi ilibe mano akutsogolo chakumtunda. Imangobudula n'kumeza, kenako masana imagona pamthunzi n'kumabzikula, kubweza chakudya kukamwa kuti itafunenso. Pobzikula imameza malovu ochuluka, ndipo malovuwo amagwira ntchito ngati soda wa m'therere: amaletsa chifu kusasa. Madeya, chimanga, mpunga ndi mkute sizifuna kutafuna kwambiri. Malovu amachepa, chakudya chimafufuma mothamanga, chifu chimasasa, tizilombo togaya udzu tija timafa. Madzi a m'thupi amakokeredwa m'chifu, mbuzi n'kufooka ngakhale mimba ili tho.

Sitikunena kuti madeya ndi oipa. Koma tizilombo timafuna masiku 10 mpaka 14 kuti tizolowere chakudya chatsopano. Yambani ndi dzanja limodzi patsiku, mutaipatsa kaye udzu, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Wofuna mbuzi yonenepa pa Eid ayambe miyezi iwiri isanakwane, osati sabata yomaliza. Ndipo chakudya chabwino tili nacho chaulere: zipatso za msangu zimene zimayoyoka m'chilimwe, masamba a mtedza ouma, masamba a nandolo. Makoko a chinangwa chowawa, inu a ku Nkhotakota mukudziwa, ayenera kuuma padzuwa bwinobwino, chifukwa aawisi ali ndi poizoni.

Vuto lina lofanana nalo limabwera ndi mvula yoyamba. Mbuzi yakhala miyezi ikudya zouma, lero yatsekuliridwa m'mamawa ili ndi njala, yakhuta msipu wanthete wonyowa ndi mame. Kufufuma kuja kumatulutsa mpweya wambiri, umene mbuzi imageya tsiku lonse ife osazindikira. Msipu wotere umachita thovu m'chifu, mpweya n'kulephera kutuluka. Mudzaona mbali ya kumanzere yatupa, mukagogoda ikulira ngati ng'oma, ndipo chifu chikamapanikiza mapapo mbuzi imabanika. Apa musadikire mawa. Imwetseni mafuta ophikira pafupifupi kota ya kapu, pang'onopang'ono kuti asalowere kumapapo, iimitseni miyendo yakutsogolo ili pokwera, muziisisita pamimba, wina athamangire alangizi a ziweto. Ikaoneka kuti ikupita ndithu, izingeni isanatsirizike, pakuti yofa yokha kwa ife ndi haraam, ndiye kuti zonse zapita m'madzi. Kupewa kwake n'kosavuta: ipatseni kaye zouma m'khola, muitulutse mame atakamuka.

Koma chimene chikutipweteka mtima kwambiri masiku ano ndi majumbo. Mbuzi zathu zimangoyendayenda kugombe ndi pamsika, n'kumanyambita mapepala a chipisi cha pachiwaya chifukwa cha mchere ndi mafuta, kenako n'kumeza. Tizilombo tija timatha udzu wouma gwa, koma pulasitiki sitimutha. Amangounjikana m'chifu pamodzi ndi zingwe ndi zidutswa za ukonde mpaka kupanga chimpira cholimba. Mbuzi imaoneka yamimba yaikulu koma nthiti zili pamtunda, imadya pang'ono, imaonda, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba sathandiza. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, khoti lalikulu la apilo n'kugwirizana nalo mu 2019, koma yendani pagombe lililonse muone nokha. Ana a kumadrasa atamatola majumbo ndi maukonde otha kamodzi pa sabata, ziweto zambiri zikanapulumuka.

Palinso mbali ya chipembedzo. Chiweto chozolowera kudya zonyansa, chimene m'mabuku a fiqh chimatchedwa jallala, ma ulama amati chiyambe chatsekeredwa n'kumadyetsedwa zaukhondo kwa masiku angapo chisanazingidwe. Ndipo tikumbukire kuti mbuzi yodwala moonekeratu kapena yowondetsetsa siiloledwa pa Qurbani, ngakhale mutaigula ndalama zambiri bwanji.

Tsono mukapita kumsika, musangoyang'ana nyanga ndi msinkhu. Mano muone ndithu, kuti mutsimikize kuti yakwanitsa chaka. Koma imaninso kanthawi muone ngati ikubzikula. Ikani chikhatho pamalo olowa aja a kumanzere, kuseri kwa nthiti yomaliza, mudikire. Chifu chamoyo chimatembenuka kamodzi kapena kawiri pa mphindi, ndipo mudzachimva chikukankha dzanja lanu. Pakakhala zii, kapena mukamva cholimba ngati mwala pokanikiza chakumunsi, thokozani wogulitsayo mupite pa ina.