FUMBI LIMAPHA INJINI: SAMALANI SEFA YA MPWEYA

Nyengo yokolola ikatha, magalimoto amayenda usana ndi usiku m'miseu ya fumbi ya ku Chadiza, Lundazi ndi Chama, kututa cimanga, thonje ndi nshawa kupita nazo kumisika. Pa nthawi imeneyi fumbi limaononga mainjini ambiri, makamaka kuyambira mwezi wa August kufikira October pamene kunja kwauma.

Injini imapuma monga munthu. Kuti itenthe lita imodzi ya petulo, imakoka malita a mpweya oposa 9,000. Mpweya wonsewo umapyola m'sefa, imene nchito yake ndi kugwira fumbi. Fumbi likalowa m'kati limapala zitsulo monga mcenga, ndipo injini imayamba kudya oilo ndi kufooka. Sefa ikatsekeka ndi litsiro, galimoto imatulutsa utsi wakuda, imatha mafuta msanga ndiponso imalephera kukwera zitunda.

Sefa zina nzapepala. Izi sizitsukidwa kapena kupakidwa oilo. Zikada afunika kugula zatsopano. Koma sefa ya siponji, imene ipezeka m'magalimoto ena, m'njinga zamoto ndi m'mainjini opopa madzi, ikhoza kugwira nchito nthawi yaitali ngati isamalidwa bwino.

Mwini galimoto akacotsa sefayo ayenera kutseka polowera mpweya ndi nsalu yoyera. Kenaka aitsuke m'madzi ofunda a sopo, naitsukuluze kufikira madzi atayera. Pocotsa madzi aifinye m'manja, osaipotokola monga cobvala, cifukwa siponji imang'ambika. Petulo sayenera kutsukira sefa, pakuti amagwira moto msanga ndiponso amasungunula zomatira zace.

Sefa iumire pamthunzi kufikira itaumiratu. Tsono aipake oilo wa sefa, kapena oilo watsopano wa injini ngati winayo palibe, naifinyenso kuti oilo afike ponse-ponse koma asadonthe. Oiloyo ndiye amagwira fumbi monga ulimbo ugwira mbalame. Siponji youma imalola fumbi losalala kupyola. Pobwezera, acotse nsalu ija ndi kuona kuti m'mphepete mulibe mpata. Siponji yong'ambika kapena yofumbutuka itayidwe.

Nchito imeneyi ifuna cabe sopo, madzi ndi oilo pang'ono, pamene kukonzetsa injini yakufa kungathe ndalama za zokolola zonse. Ndiponso m'midzi yambiri galimoto yotuta cimanga ndiyo yomwe imathamangitsa wodwala kucipatala usiku.